M'mphepete mwa Fomu

Ku Luwinga anandipatsa mafomu makumi anayi,
cholembera, ndi ndalama ya kabaza ya masiku asanu.
Funso lachisanu ndi chiwiri likuti:
Munakafuna kuti thandizo koyamba?
Pansi pake timabokosi tinayi:
chipatala, abusa, sing'anga, kwina.

Tiyezge wakhala pa benchi ya simenti kuseri kwa wodi,
wavala majuzi awiri
ngakhale dzuwa lang'amba kale nkhungu.
Akuyang'ana timabokosito
ngati wofuna chitenje chake pa chingwe cha eni.

Akuti: lembani telala wa ku Chibavi.
Ndinapita kanayi kukachepetsa siketi imodzimodzi.
Kachinayiko anaika tepi pansi, nandiyang'ana kumaso.
Ndinadikira kuti afunse.
Anati, mubwere Lachitatu, mudzaipeza yatha.

Bokosi la telala palibe.

Akuti: ku Mapale anandibaya chala kawiri.
Kachilombo mulibe, thokozani Mulungu.
Anayeza makhololo, mimba, shuga,
buku langa lachipatala ladzaza matenda amene ndilibe.
Anandipatsa mankhwala obweretsa chilakolako cha chakudya.
Chilakolakocho ndinali nacho, achemwali,
chimandiluma usiku wonse ngati nsikidzi.
Kungoti ndimachiopa.

Kutchalitchi ku Zolozolo anandiimika kutsogolo:
onani mtsikana wodziwa kusala kudya!
Anthu anaomba m'manja,
mawondo anga akuombana okha.

Amayi amagulitsa nthochi pa depoti.
Chaka cha njala anagonapo ndi madzi amchere m'mimba.
Ndikanawauza bwanji kuti mbatata yawo
ndimaibisa m'thumba la yunifolomu
n'kukaponyera galu wa aneba?
Atazindikira anati, kukhuta kumeneko,
matenda a pa kanema.
Usiku womwewo ndinawamva akulira chapansipansi,
akuwerenga ndalama za basi yopita kwa sing'anga.

Ndafunsa: nanga vutoli mumalitchula chiyani?
Waseka, wakoka manja a juzi mpaka kubisa zala.
M'Chitumbuka sindinalipeze dzina, m'Chichewa chimodzimodzi.
Ukati odi pakhomo,
eni ake amafunsa chomwe wadzera.
Ine ndimangoima, kenako n'kunena kuti mutu.

Madzulo mvula yowaza yatsika ku Kaning'ina.
Ku Chiputula magetsi azima.
Ndi tochi ya foni ndikuwerenga zomwe ndakolola:
mafomu khumi ndi imodzi,
onse a anthu amene anafika.
Amene anabwerera pa geti, fomu siiwadziwa.
Siimudziwa Vinjeru, msuweni wake,
wonyamula zitsulo m'mawa uliwonse ku Masasa,
amene akadya amatsegula mpopi kwambiri kubafa
kuti a m'nyumba asamve.
Iyeyo sadzabwera. Akuti zimenezo n'za atsikana.

Mawa a Dokotala Mzumara adzafuna manambala.
Kompyuta yawo imameza wani ndi thuu,
telala singamumeze.
Ndidzawapatsa manambalawo.
Koma ndidzatembenuzanso pepala cham'mbali
aone pomwe inki yanga yathithikana,
yakwera m'mphepete ngati nyerere zothawa madzi.
Ndidzati: bwana, funsoli likuyambira pakhomo la chipatala,
pomwe ulendo unayamba zaka zitatu kumbuyoko.
Bwanji tifunse kuti ndani anaona, n'kukhala chete?
Unatsegula pakamwa kangati mawu n'kubwerera?
Tipite kwa matelala, kwa a matironi a ku hositelo,
kwa amayi a pa depoti.
Mwina adzati bajeti siilola.
Ndidzanenabe.

Potsanzikana, Tiyezge anandiperekeza mpaka pa geti,
akuyenda pang'onopang'ono, dzanja lili pa khoma.
Anati: ndinu oyamba kundifunsa
musananditengere mbale.
Kenako analoza chikwama changa:
nanga kucheza kwathuku,
mukuika m'bokosi liti?

Tochi ikuzilala.
Cholembera chili m'mwamba, pamwamba pa kwina,
ndipo sindinachonge.